Nyumba za m'Chigwa cha Shire: tisayambire pa malata

Akonzi,

Tiloleniko malo m'nyuzipepala yanu tikambepo za kamangidwe ka nyumba kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, dzinja lisanatipeze. Chiyambire chigumula cha mu Januwale 2015, kudzabwera namondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, nkhani ya kusowa kwa nyumba kuno imamveka chaka ndi chaka. Koma anthu a m'Chigwa si aulesi pomanga. Vuto ndi lakuti banja limodzi likumanga nyumba yomweyo kawiri kapena katatu m'zaka khumi, ndipo ndalama za thonje, mbuzi ndi ganyu wa kumzimbe zikuthera m'matope. Nyumba yotsika mtengo ndi imene wamanga kamodzi.

Chimene tikufuna kunena n'chakuti nyumba ya kuno imaonongekera malo awiri: kumapazi, kumene madzi amafika, ndi kumutu, kumene mphepo imagwira. Pakati pakepo mutha kusunga ndalama mmene mungathere. Koma ambiri timachita zosiyana. Munthu amayamba wagula malata n'kuwasunga kuseri kwa chitseko, amakonzeratu za pulasitala wa kumaso ndi penti, pamene maziko akumba kuya kwa khasu limodzi ndipo njerwa zapansi wamangira matope.

Tiyambe ndi malo. Musanakhome chikhomo, funsani akuluakulu a pamudzipo pamene madzi a 2015 ndi a Freddy analekeza, muone chizindikiro pa mtengo, pa chipupa cha sukulu kapena cha tchalitchi. Ngati madzi anafika m'chiuno kapena anali othamanga, pamenepo si pomanga nyumba ya simenti ngakhale mutakhala ndi mmisiri wotani. Madzi othamanga amafukula pansi pa maziko n'kugwetsa chipupa chonse chili chathunthu. Izi zikukhudza kwambiri m'mbali mwa Ruo ndi Shire cha ku Makhanga ndi Chiromo, komanso m'mphepete mwa mitsinje yotsika m'mapiri monga Mwanza, Livunzu ndi Thangadzi, imene yadzaza mchenga moti imasiya khwawa lake n'kudzitsegulira njira ina usiku umodzi. Tikudziwa chifukwa chimene anthu amabwerera kumadambo akasamutsidwa: kumeneko n'kumene kuli dimba, mbatata, chimanga cha chilimwe ndi nsomba, pamene kumtunda kuli miyala ndi dzuwa. Ndiye kungowanena kuti ndi osamva sikuthandiza. Chotheka n'chakuti nyumba yeniyeni ikhale kumtunda, kudimba kukhale chisakasa cha mitengo ndi udzu chokhala ndi nsanja, chimene chikapita ndi madzi munthu salira nacho.

Pamene madzi amangofika m'akakolo kapena m'maondo n'kuphwa patapita masiku, pamenepo nyumba itha kumangidwa, bola pansi pa nyumba pakhale pamwamba kuposa chizindikiro chija ndi masentimita 30. Ngakhale pamalo osafika madzi, guwa la nyumba lisachepere masentimita 45 kuchokera pa nthaka.

Tsopano makande. Dothi lakuda lija la cha ku Ngabu ndi madera ena ambiri a m'Chigwa ndi labwino ku thonje ndi mapira, koma ndi mdani wa nyumba. Likanyowa limafufuma n'kukankha maziko m'mwamba. Likauma mu Okutobala limanyala n'kung'ambika ming'alu yolowa mkono. Nyumba yokhala pamwamba pake imakwera ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo sikwera mofanana, chifukwa m'mbali mumanyowa msanga kusiyana ndi pakati. N'chifukwa chake mumaona mng'alu wotsetsereka ngati masitepe kuchokera pa ngodya ya zenera, kapena chitseko chimene chimatsekeka bwino m'chilimwe koma n'kumakana m'dzinja. Eni nyumba amati mmisiri anaba simenti. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri ndi dothi.

Pa nthaka yolimba ya mchenga ndi miyala, ngalande ya maziko yakuya masentimita 60 ndi mulifupi masentimita 60 imakwanira nyumba yopanda chipinda chapamwamba. Pa makande kumbani mpaka mutapyola pamene ming'alu ya chilimwe imalekeza, zimene kawirikawiri zimafika mita imodzi kapena kuposerapo. Kumbani m'chilimwe kuti ming'aluyo muziione ndi maso. Pansi pa ngalande tsirani mchenga wa kumtsinje wokhuthala masentimita 10 mpaka 15 n'kuusinja, kenako konkire wokhuthala masentimita 20, wosakaniza muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga ndi isanu ndi umodzi ya kwale. Pa makande muikemo zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12) zosachepera zitatu, zoyenda mozungulira nyumba yonse, ndipo polumikiza zipitirirane masentimita 60, osati kungogundanitsa nsonga. M'ngodya chitsulo chipindike n'kukhota nayo ngodyayo. Mukadulira zonse pa ngodya, mwasiya pofooka pamalo pomwe nyumba imayambira kutseguka. Pokwirira m'mbali mwa maziko musabwezeremo makande omwe munafukula aja. Ikanimo mchenga kapena dothi la miyalamiyala.

Kuchokera pa konkire kufika pa guwa, ndiponso mizere ingapo pamwamba pake, mangirani simenti, muyezo umodzi pa inayi ya mchenga, ndi njerwa zopsa bwino kapena mabuloko a simenti, chipupa cha mainchesi 9. Apa m'pamene nyumba zambiri zimathera. Njerwa yootcha imatha kukhala m'madzi masiku ambiri osasungunuka, koma matope omangira amafewa pa maola ochepa, ndipo njerwa zimangoterereka ngati sopo, chipupa n'kukhala pansi, denga n'kutsatira. Mukayenda m'midzi pambuyo pa chigumula mudzaona milu ya njerwa zabwinobwino, zosasweka, zokhala ngati wina wangozitsitsa pa ngolo. Njerwazo sizinalakwe.

M'kati mwa guwa dzazani dothi la mchenga pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, kuwaza madzi ndi kusinja musanaonjezere lina. Mukadzaza lonse kamodzi n'kusinja pamwamba pokha, pansi pa nyumba padzatitimira chaka chisanathe. Pamwamba pa guwa, njerwa za chipupa zisanayambe, yalani pulasitiki wakuda wokhuthala uja amisiri amati DPC. Mtengo wake ndi wochepa, koma ndi amene amaletsa chinyontho kukwera m'chipupa. Kuno n'kofunika kuposa kwina chifukwa cha mchere. Mijigo yambiri ya m'Chigwa imatulutsa madzi amchere, ndipo nthaka ya madera ena ili ndi mchere womwewo. Chinyontho chikaukweza m'chipupa, madzi amauma, mchere n'kutsala, ndipo ndi umene umayeretsa njerwa zapansi n'kumazifumbutsa ngati ufa. Pa chifukwa chomwecho, musakandire simenti ndi madzi amene simungathe kumwa chifukwa cha mchere, makamaka pamene pali zitsulo: dzimbiri limadya chitsulo m'kati, chimafufuma, konkire n'kusweka yekha. Kuli bwino kulipira ngolo ikatunge kumtsinje.

Za muyezo tinenepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene mwini nyumba amapusitsika. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limadzaza ndowa ya malita 20 kamodzi ndi kupitirira theka. Choncho matope a simenti omangira chipupa, a umodzi pa isanu ndi umodzi, ndi thumba limodzi pa mawilibala atatu a mchenga osasefukira. Mmisiri akamati thumba limodzi likwana mawilibala asanu kapena asanu ndi limodzi, sakukusungirani ndalama. Yezerani ndi ndowa, osati fosholo, chifukwa fosholo ya simenti ndi fosholo ya mchenga wonyowa sizifanana. Mchenga wa m'mitsinje yathu nthawi zambiri umakhala ndi matope; ufinyeni m'manja uli wonyowa, ukasiya dzanja lakuda kapena ukaumbika ngati nsima, utsukeni kapena kafuneni wina. Ndipo simenti silimba ndi dzuwa, imalimba ndi madzi. Kutentha kwa kuno, kumene kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kumaumitsa konkire asanalimbe. Thirani konkire m'mamawa kapena madzulo, mumufunditse masaka, udzu kapena pulasitiki, ndipo muzimuthirira kwa masiku asanu ndi awiri.

Nanga chipupa chenichenicho chikhale cha chiyani? Uvuni wa njerwa umadya nkhuni zambiri, ndipo mitengo imene ikutha m'mapiri a Thyolo, Mwanza ndi Matandwe ndi yomweyo imene ikanagwira dothi limene lero ladzaza mitsinje yathu. Kuyambira 2018 malamulo a bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Munthu wa kumudzi lamulolo silimufikira kwenikweni, koma njira zina zilipo. Imodzi ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopsinjidwa ndi makina a pamanja, zimene ambiri amazitcha SSB. Sizifuna nkhuni, zimatuluka zofanana moti matope omangira amalowa ochepa, ndipo chipupa chake chitha kukhala chopanda pulasitala.

Koma njerwa zimenezi zili ndi malamulo ake, ndipo pamene zanyozeka n'chifukwa chowaphwanya. Dothi liyesedwe kaye. Tengani botolo loonekera, thirani dothi gawo limodzi mwa magawo atatu, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri n'kulisiya tsiku lathunthu. Mchenga umakhala pansi msanga, dothi losalala pamwamba pake, dongo pamwamba penipeni. Dothi loyenera ndi limene mchenga wapitirira theka ndipo dongo silinapyole gawo limodzi mwa magawo asanu. Makande salola, njerwa yake imang'ambika pouma ngakhale mutathira simenti wochuluka. Dothi la pamwamba lokhala ndi mizu ndi manyowa nalonso ayi. Dothi labwino lisefedwe, lisakanizidwe ndi simenti lili louma, muyezo umodzi pa 14 mpaka 16, mtundu ufanane ponseponse, kenako muwaze madzi pang'ono chabe: mukafumbata liumbike, mukaligwetsa kuchokera m'chiuno lisweke zidutswa zingapo. Likaphwatalala ngati phala, madzi achuluka. Musakande lochuluka kuposa limene mungaumbe pa ola limodzi. Pa njerwa ya masentimita 29 mulitali, 14 mulifupi ndi 9 msinkhu, thumba limodzi limatulutsa njerwa pakati pa 90 ndi 100. Wokuuzani kuti atulutsa 150 akukuumbirani zidina zodula. Zikaumbidwa zikhale pamthunzi, zofunditsidwa pulasitiki, zothiriridwa sabata yathunthu, ndipo zidikire milungu inayi zisanakwere pa chipupa. Musanagule kapena kumangira, viikani ziwiri mu ndowa usiku ndi usana. Yabwino imatuluka ngodya zake zili zakuthwa.

Amene simenti yotereyi sangaikwanitse asachite manyazi ndi zidina. Chipupa cha zidina chokhala pa guwa lalitali la simenti, chotetezedwa ndi denga lotuluka bwino, chimakhala zaka zambiri, ndipo m'kati mumazizira kuposa m'nyumba ya mabuloko. Chofunika n'chakuti kuyambira pansi kufika pa zenera pakhale njerwa zomangira simenti, zidina ziyambire pamenepo kupita m'mwamba. Pozira kunja gwiritsani dothi losakaniza ndi mchenga kapena laimu. Pulasitala wa simenti wolimba sagwirana ndi chidina, amasuwa zigamba zigamba n'kumasunga madzi kuseri kwake.

Chipupa chamtundu uliwonse chisatalike kupyola mamita anayi kapena asanu popanda chipupa china chochigwira kapena chipilala. Zenera ndi khomo zitalikire ngodya masentimita 60. Waya wolimbitsa chipupa wa brickforce alowe mizere itatu kapena inayi iliyonse, ndipo m'ngodya njerwa zilumane, osati chipupa china kungotsamira chinzake. Pamwamba pa mazenera, m'malo moika lintala (konkire wonyamula njerwa za pamwamba pa khomo) pa khomo lililonse payekhapayekha, thirani bimu imodzi ya konkire yozungulira nyumba yonse, kuphatikizapo zipupa za m'kati: zitsulo zinayi za Y10 kapena Y12, maring'i a R6 (tizitsulo ta mamilimita 6 tomanga zinayizo pamodzi) otalikirana masentimita 20, konkire wa muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale. Bimu imeneyi ndi lamba wa nyumba. Makande akakankha mbali imodzi, ndi imene imaletsa zipupa kuyasamula. Tisaiwalenso kuti Chigwa chathu chili mu mng'alu waukulu wa dziko womwe uja umene unagwedeza Karonga ndi chivomezi mu Disembala 2009, ndipo pambuyo pa chivomezi chimenecho boma linalemba malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Malangizowo ndi abwino, koma amisiri ambiri a m'midzi sanawaonepo.

Kuti owerenga akhale ndi poyambira: nyumba ya zipinda ziwiri, mamita 7 mulitali ndi 3.5 mulifupi, ili ndi zipupa zotalika pafupifupi mamita 24 zonse pamodzi. Konkire wa maziko ake amadya matumba a simenti pafupifupi 13, bimu matumba anayi kapena asanu ndi zitsulo zokwana mamita 110, ndipo zipupa zimafuna njerwa za SSB pafupifupi 2,000. Mitengo sitilemba, chifukwa chigwere kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa lero sukhala wa mawa. Zipinda ziwiri zomangidwa bwino zimaposa zinayi zomangidwa mwachidule. Siyani mano a njerwa ndi nsonga za zitsulo mbali imene mudzaonjezere, nsongazo muzikute ndi konkire wofooka kuti zisachite dzimbiri, chipinda chachitatu chidzabwere ndi zokolola za chaka china kapena ndi gawo la kubanki m'khonde.

Tifike kumutu. Mphepo sikankha denga pansi, imaliyamwa m'mwamba, ndipo imayambira m'ngodya ndi m'mphepete. N'chifukwa chake miyala ndi njerwa zosanjikiza pa malata sizithandiza. Denga likanyamuka, miyalayo imagwera ana. Denga liyenera kumangiriridwa ku nyumba ngati unyolo: lata ku phaso, phaso ku mtanda, mtanda ku bimu. Pothira bimu, kwirirani waya wokhuthala wosachita dzimbiri, wopindidwa pawiri, kapena chitsulo chopyapyala cha hoop iron, chokoledwa ku zitsulo za m'bimumo, pamalo paliponse pamene padzakhale mtanda, kutalikirana osapyola mita imodzi ndi masentimita 20. Waya wongokoleka pansi pa mizere iwiri ya njerwa amanyamuka nazo njerwazo. Mapaso atalikirane osapyola masentimita 90, ndipo m'mphepete ndi pa msonga ayandikirane kufika 60. Msomali wa phaso wokhomedwa molunjika umazuka mosavuta; kulungani waya pa mphambano iliyonse ya phaso ndi mtanda.

Malata a geji 32 (nambala ya geji ikakwera, lata limapyapyala) ndi otsika mtengo m'sitolo mokha. Ndi opyapyala moti mphepo ikawakoka amang'ambika pa msomali, msomali n'kutsala pa phaso. Geji 28 ndiye woyenera, ndipo 30 akhale malire. Khomani misomali ya chipewa pamwamba pa mzere wokwera, osati m'ngalande ya lata. M'mphepete monse ndi pa msonga khomani mzere uliwonse, pakati mutha kudumpha umodzi kapena iwiri, ndipo nsonga zotulukira pansi muzipinde. Malata apitirirane mzere umodzi ndi theka m'mbali, masentimita 15 mpaka 20 kumapeto. Denga la mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo lopendekeka bwino, madigiri 25 mpaka 30, limaposa lathyathyathya lija timakonda pofuna kusunga matabwa. Lituluke masentimita 45 mpaka 60 kuteteza chipupa ku mvula, osapitirira pamenepo. Khonde n'lofunika kuno, palibe amene angakhale m'nyumba masana a Novembala, koma denga lake likhale lapadera, losalumikizana ndi mitanda ya nyumba, kuti mphepo ikalitenga lipite lokha.

Matabwa ndi mitengo ya bulugamu zipakidwe mankhwala a chiswe kapena oyilo wakutha wa galimoto zisanakwere, makamaka kumapeto kodulidwa, ndipo mtengo uliwonse usakhudze nthaka. Nsungwi zidulidwe zokhwima, m'chilimwe, ndi kuviikidwa m'madzi milungu itatu kapena inayi kuti zisafumbwe.

Kutentha kumachepa ndi zinthu zosadula. Zipupa zifike mamita 2.7 kapena atatu. Mbali zazitali za nyumba ziyang'ane kumpoto ndi kumwera kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lisawombe chipupa chachikulu. Mazenera ayang'anizane kuti mpweya udutse, pamwamba pakhale maventi otchingidwa ndi waya wa udzudzu, ndipo pansi pa malata pakhale siling'i ngakhale ya mphasa kapena bango. Mitengo ya nimu imapereka mthunzi wabwino, koma pa makande ibzalidwe patali ndi nyumba mofanana ndi msinkhu umene idzafike, chifukwa mizu yake imamwa madzi mbali imodzi ya maziko n'kuyambitsa mng'alu womwe uja. Mozungulira nyumba pakhale kakhonde kotsetsereka kotalika mita imodzi kuchoka pa chipupa, ndi ngalande yotaya madzi a padenga kutali.

Chimbudzi chisaiwalike, popeza ndi chimene chimayamba kugwa, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbukira. M'nthaka ya mchenga dzenje likhale lozungulira, lomangidwa njerwa m'kati zosiya mipata kumunsi, pakamwa pake pokwezedwa ngati guwa la nyumba, ndipo litalikire chitsime kapena mjigo mamita 30.

Pempho lathu likupita kwa makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi mabungwe amene amathandiza anthu pambuyo pa ngozi. Thandizo la malata ndi labwino ndipo limaoneka bwino pa chithunzi, koma malata 20 oikidwa pa chipupa cha matope chopanda bimu adzatoledwa m'munda mwa wina. Pa mtolo womwewo muikemo simenti ya maziko, DPC, zitsulo za bimu ndi waya womangira denga, ndipo ziperekedwe motsatana, gawo lina likaonedwa kuti lamangidwa bwino. Makina a SSB amodzi atha kutumikira midzi ingapo ngati ali m'manja mwa gulu lodziwika ndipo wina waphunzitsidwa kuyesa dothi. A TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, afikire amisiri amene anaphunzirira ntchito pa chipupa, popeza ndi iwowo amene akumanga nyumba zambiri za m'midzi, ndipo malangizo aja a boma amasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chisena, okhala ndi zithunzi, apezeke kwa mafumu ndi m'masitolo a hadiweya ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Pomaliza, m'mudzi uliwonse umene madzi anafika muzikidwe chipilala cha konkire cholembedwa pamene madzi a 2015 ndi a 2023 analekeza, kuti mmisiri akabwera ndi tepi yake akhale ndi poyezera guwa.

Ndife,
Amisiri omanga nyumba,
Chigwa cha Shire